Dzanja lachiwiri pa chiwongolero: bwanji madalaivala akuzimitsa makina owateteza?

Kuyambira pa 7 Julayi 2024, galimoto yatsopano iliyonse yogulitsidwa m'mayiko a mgwirizano wa European Union iyenera kukhala ndi makina oiletsa kutuluka mumzere wake mwangozi. Lamulo lake, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2019, silidalekere pomwepo: makinawo ayenera kudziyatsa okha nthawi iliyonse galimoto ikalizidwa, ngakhale mwiniwake adawazimitsa dzulo. Akuluakulu a mgwirizanowu ku Brussels adawerengera kuti makinawa, pamodzi ndi anzake a m'lamulo lomwelo monga mabuleki odzigwira okha ndi kachipangizo kochenjeza za liwiro, adzakhala atapulumutsa miyoyo yoposa 25,000 pofika 2038. Koma si onse opulumutsidwawo amene akuwomba m'manja. Ku Britain, komwe galimoto zambiri zatsopano zimafika ndi makina omwewa ngakhale dzikolo lidatuluka mumgwirizanowu, bungwe loyimira ogula la Which? lidapeza mu 2025 kuti oposa theka la madalaivala okhala ndi zipangizo zoterezi amazimitsako china, ndipo chosunga mzere chili m'gulu la zodedwa kwambiri. N'kosavuta kunena kuti amenewa ndi anthu osamva, odzimva udolo, osafuna kuwongoleredwa. Ine ndikuona kuti kuweruza motero n'kutaya umboni wofunika. Dandaulo la dalaivala limatiuza mmene makinawo adapangidwira, ndipo komwe opanga galimoto adalimvera, madalaivala omwewo adaleka kuzimitsa.

Kuti mkanganowu umveke, tiyambe taona chinthucho. Pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, pamakhala kamera yaing'ono yoyang'ana msewu. Ntchito yake ndi kusiyanitsa kuwala kwa penti ndi kuda kwa phula. Kompyuta ya m'galimoto imatenga zithunzizo n'kuwerengera kuti tayala latalikirana bwanji ndi mzere, komanso kuti pa liwiro limenelo kwatsala nthawi yochuluka bwanji kuti liuponde. Dalaivala akayatsa indiketa, kompyutayo imadziwa kuti akutuluka dala ndipo imangokhala duu. Akapanda kuyatsa, imaganiza kuti wasokonezeka. Zotsatira zake zimatengera mtundu wa makinawo. Ena amangochenjeza: kabelu kamalira, kachizindikiro kamaphethira pa dashibodi, kapena chiwongolero chimanjenjemera. Ena, omwe ambiri amawatcha lane assist, amagwira chiwongolero n'kuchikhotetsa pang'ono kuti galimoto ibwerere. Mtundu wachitatu sudikira kuti galimoto ifike pamzere. Umaisunga pakati penipeni ulendo wonse, dalaivala atangotsamiritsa manja. Luso limeneli si ladzulo. Lole za Mercedes Actros zidayamba kuchenjeza madalaivala za mzere mu 2000, Nissan idaika makina othandiza kuwongolera m'galimoto yake ya Cima ku Japan mu 2001, Honda ndi Toyota zidatsatira pasanathe zaka zinayi, ndipo Citroën ya ku France idasankha kunjenjemeretsa mpando mbali yomwe galimoto ikulowera. Chatsopano n'chakuti zomwe kale zinali zokometsera galimoto za anthu opeza bwino tsopano ku Ulaya zili m'kagalimoto katsopano kalikonse kotsika mtengo, ndipo wogula safunsidwa ngati akuzifuna.

Zoti makinawa amapulumutsa anthu si nkhambakamwa, ndipo aliyense woikira kumbuyo madalaivala ayenera kuyamba wavomereza zimenezi. Galimoto ikatuluka mumzere wake pa liwiro, mathero ake ndi kuwombana mutu ndi mutu ndi yochokera kutsogolo, kugunda mtengo kapena kugubuduzika, ndipo ngozi zotere ndi zomwe zimadzaza manda. Bungwe la Insurance Institute for Highway Safety, IIHS mwachidule, lomwe limathandizidwa ndi makampani a inshulansi ku America, lidaunika malipoti a apolisi ndipo mu 2017 lidalengeza kuti chenjezo la mzere limachepetsa ngozi zamtunduwu ndi 11 pa 100 zilizonse, ndipo zovulaza anthu zimatsika ndi 21 pa 100. Lidawerengeranso kuti galimoto zonse za m'dzikolo zikadakhala ndi chenjezoli mu 2015, ngozi pafupifupi 85,000 zikadapewedwa. Ku Sweden, ofufuza omwe adaunika galimoto za Volvo adapeza phindu lalikulu kuposa apa: ngozi zovulaza za kuphonya msewu ndi kuwombana mutu ndi mutu zidatsika ndi 53 pa 100 m'misewu yololeza makilomita 70 mpaka 120 pa ola, pamene msewu sudakutidwe ndi chipale. Kafukufuku wina wa IIHS adasonyeza chifukwa chake. Mwa madalaivala omwe adachita ngozi galimoto itangotsetsereka kutuluka mumzere, mmodzi mwa atatu alionse anali atagona kapena atakomoka. Munthu amene maso atsekeka, zaka makumi atatu za luso lake pa chiwongolero sizimuthandiza kanthu m'masekondi awiri amenewo. Apa ndi pomwe dzanja lachiwiri limafunika.

Koma taonani kusiyana kwa 11 ndi 53. Chimodzi mwa zifukwa zomwe ofufuza a ku America adapereka n'chakuti madalaivala ambiri kwawoko ankayenda atazimitsa makinawo. Adapita m'magalaja a ogulitsa galimoto, komwe anthu amasiya galimoto zawo kuti zikonzedwe, n'kumasuzumira pa dashibodi kuti aone zomwe eni ake adazisiya zili zoyatsa. Mwa galimoto pafupifupi 1,000 zomwe adaziona cha m'ma 2016, 51 pa 100 zokha ndi zomwe zinali ndi makina a mzere oyatsa. M'galimoto zomwezo, makina opewa kugunda chakutsogolo anali oyatsa mu 93 pa 100. Manambala awiriwa akugwetsa maganizo akuti madalaivala amangodana ndi chatsopano chilichonse. Munthu yemweyo, m'galimoto yomweyo, adasiya chipangizo china chikugwira ntchito n'kuzimitsa chinzake. Adasankha, ndipo adasankha ndi chifukwa. Mabuleki odzigwira okha amakhala phee miyezi ndi miyezi mpaka tsiku lomwe afunikadi, pomwe makina a mzere ankalankhula kangapo paulendo umodzi wopita kuntchito. Kampani ya J.D. Power, yomwe imafunsa ogula galimoto zatsopano ku America, idapeza mu 2019 kuti 23 pa 100 mwa okhala ndi makinawa ankati machenjezo ake ndi otopetsa, ndipo mwa otopawo 61 pa 100 ankawazimitsa nthawi zina. Chipangizo chozimitsidwa sichiteteza aliyense, ngakhale chitapambana mayeso onse a kufakitale.

Kodi madalaivalawo amadandaula chiyani kwenikweni? Madandaulo ake ndi ofanana kuchokera ku Scotland mpaka ku Australia, ndipo lalikulu ndi la msewu wopapatiza. Tiyerekeze dalaivala ali pamsewu wakumudzi wa mbali ziwiri, akuyenda makilomita 80 pa ola, ndipo patsogolo pake pali wanjinga akupalasa m'mphepete. Kutsogolo kulibe galimoto. Dalaivala wanzeru amasendera pakati, matayala a mbali imodzi n'kuponda mzere, kuti amusiyire mnzakeyo mpata wokwanira. Kamera yaona mzere ukupondedwa ndipo indiketa sinayake. Chiwongolero chimauma m'manja n'kukokera galimoto kubwerera komwe kuli wanjinga uja. Mphamvu yake si yaikulu. Malamulo a ku Ulaya amati dalaivala azitha kuigonjetsa ndi mphamvu yosaposa yonyamulira makilogalamu asanu. Komabe kukoka kosayembekezereka pa nthawi yomwe maso onse ali pa munthu wamoyo amene ali pafupi ndi chitseko kumadumphitsa mtima, ndipo amene zamuchitikira kamodzi saiwala. Zomwezi zimachitika pozemba dzenje, podutsa galimoto yoimikidwa m'mbali, kapena popatsa mpata lole yaikulu yomwe yadya mbali ya mnzake pakona. Pamalo pomwe akukonza msewu, mizere yakale yofufutidwa mwa theka imapikisana ndi yatsopano ndipo kamera imatha kutsata yolakwika. Mzere wa phula lomatira ming'alu ukanyezimira ndi dzuwa, kapena madzi akatsata mkwasa wa matayala, kamera imaona mzere pomwe palibe. Pa zonsezi dalaivala akudziwa chinthu chomwe makina sakudziwa.

Amene angaganize kuti awa ndi madandaulo a anthu okokomeza aone zomwe akatswiri adapeza atayesa okha. Bungwe la eni galimoto ku America la AAA lidayendetsa galimoto zokhala ndi makina owongolera mtunda woposa makilomita 6,000 mu 2020, ndipo lidakumana ndi vuto pa makilomita 13 alionse mongoyerekeza. Pafupifupi atatu mwa mavuto anayi alionse anali a kutuluka mumzere kapena kuyenda mokhotakhota mkati mwake. Chaka chotsatira lidayesa makina osunga mzere powaza madzi pagalasi ngati mvula, ndipo galimoto zidadumpha mzere maulendo 69 pa 100 alionse. Choncho makinawa ali ndi zofooka ziwiri zomwe zimadyetsana: amalowerera pomwe sakufunika, ndipo amatha kusowa pomwe akufunika. Galu wouwa tsamba lililonse likagwa, eni nyumba amazolowera kugona akuuwa, ena amakamumangirira kutali, ndipo usiku womwe mbala ibweredi palibe amene amadzuka. Chenjezo lililonse lopanda pake limadya chikhulupiriro chomwe chenjezo lenileni lidzafune. Opanga makina amadziwa bwino za kusinthana kumeneku. Akawapanga kuti azitekeseka msanga, amagwira ngozi zambiri pa bwalo la mayeso koma amatopetsa munthu pamsewu; akawapanga odekha, munthu amawalola koma mapointi a mayeso amachepa. Kwa zaka zingapo ambiri adasankha mapointi.

Wotsutsa ali ndi yankho lamphamvu, ndipo n'loyenera kulimva. Anthu ambiri amadziyesa madalaivala abwino kuposa anzawo, zomwe masamu sangalole. Ambiri mwa omwe amati chiwongolero chikulimbana nawo ndi omwe sayatsa indiketa posintha mzere, amadula makona, kapena amayendetsa diso lili pafoni. Makinawo akungowaonetsa khalidwe lawo, ndipo palibe amene amakondwa kudzudzulidwa ndi galimoto yomwe adagula ndi ndalama zake. Komanso dalaivala amakumbukira ulendo uliwonse womwe makina adamukwiyitsa, koma tsiku lomwe adamubweza akusinza mwina sadazindikire n'komwe. Zonsezi n'zoona. Koma zikadakhala kuti vuto lonse ndi kudzikuza kwa madalaivala, chiwerengero cha ozimitsa sichikadasintha, pakuti mtima wa munthu susinthika m'zaka zisanu ndi zitatu. A IIHS atabwereranso m'magalaja cha ku Washington, adalengeza mu 2024 kuti mwa galimoto zoposa 2,000 zomwe adaziona, 87 pa 100 zinali ndi makina a mzere oyatsa. Chomwe chidasintha ndi makinawo. Opanga ambiri adasiya kabelu kolira n'kuyamba kunjenjemeretsa chiwongolero kapena mpando. Kusinthaku kukuoneka kwakung'ono, koma kabelu kamamveka kwa onse okwera, ndipo kamalengeza kwa mkazi, ana ndi apongozi kuti dalaivala walakwitsa, pomwe kunjenjemera kumadziwika ndi manja a mwiniwake yekha. Tisabise kuti china chomwe chidakweza chiwerengerocho n'chakuti pozimitsira padachoka pa batani n'kukabisidwa m'kati mwa sikirini. Komabe phunziro lalikulu likuoneka: madalaivala ankakana kachitidwe kake, osati chitetezo.

Apa ndi pomwe lamulo la ku Ulaya lidagwira mbali imodzi n'kusiya inzake. Mfundo yake ndi yomveka: ngati chipangizo chimateteza pokhapokha chili choyatsa, chiziyaka chokha, ndipo kuchizimitsa kuzifuna kudina kangapo mwadala. Lamulolo lidalongosola liwiro lomwe makina ayenera kugwirira ntchito ndi mtunda womwe tayala lisapitirire likadumpha mzere, koma kufatsa kwa dzanja la makinawo ndi kuchuluka kwa machenjezo abodza lidazisiya kwambiri m'manja mwa opanga. Zotsatira zake ndi mwambo watsopano wa m'mawa. Dalaivala amaliza galimoto, amanga lamba, kenako chala chimayamba ulendo pa sikirini: tsamba la zoikamo, tsamba la zothandiza dalaivala, kudina, kutsimikiza. Akaiwala, amakumbutsidwa ndi kukoka koyamba ali kale pamsewu, ndipo amachita zonsezi galimoto ikuthamanga, maso atachoka kutsogolo, chomwe ndi chiyambi cha ngozi yomwe makinawo adabwerera kudzaletsa. Makampani ena aona msika m'kutopa kumeneku. Renault idaika batani lomwe ukalidina kawiri limabwezeretsa zonse mmene mwini galimoto amazikondera, ndipo olemba za galimoto amalitamanda ngati chimodzi mwa zokoma za galimoto zake. Zikafika poti njira yachidule yozimitsira chitetezo ndi yomwe ikugulitsa galimoto, ndiye kuti kukakamiza kokha sikudakwanitse cholinga.

Oyesa galimoto nawo avomereza. Bungwe la Euro NCAP, lomwe kuyambira 1997 lakhala likupereka nyenyezi za chitetezo zomwe ogula ku Ulaya amaziyang'ana asanatulutse ndalama, ndilo lidakoka opanga ambiri kuika makinawa pofuna nyenyezi zisanu. Mlembi wake wamkulu, Michiel van Ratingen, adadandaula poyera kuti makampani ena adapanga makina ongokhozera mayeso osalabadira mmene akumvekera kwa woyendetsa. Anzawo a ANCAP ku Australia ndi New Zealand adayamba mu 2024 kuyeza mphamvu ndi changu chomwe makina amakokera chiwongolero, atalandira madandaulo a ogula. Ndondomeko zatsopano za Euro NCAP zoyambira 2026 zikutengera galimoto kumisewu yeniyeni, kuti mapointi azitsatanso kufatsa kwa makina ndi kusavutitsa dalaivala, ndipo zikulimbikitsa kuti zinthu zofunika monga indiketa, hutala ndi zopukutira galasi zikhale ndi mabatani enieni. Mwa kuyankhula kwina, zomwe madalaivala akhala akunena kwa zaka khumi, zomwe ena ankaziyesa kung'ung'udza, tsopano zalowa m'mabuku a mayeso. Chikadakhala chanzeru kuzimva kale lamulo lisanakakamize makinawo pa aliyense.

Pali chenjezo lina lomwe oikira kumbuyo madalaivala sayenera kulizemba: kukondwa kwa dalaivala pakokha si umboni wa chitetezo. Makina a mtundu wachitatu uja, osunga galimoto pakati pa mzere ulendo wonse, anthu ambiri amawakonda, ndipo ngozi yake yabisala m'chikondi chomwecho. Mu Malichi 2018, ku Mountain View m'chigawo cha California, galimoto ya Tesla Model X yomwe inkayenda ndi makina otere otchedwa Autopilot idatsata mizere molakwika pamalo pomwe msewu umagawikana, pomwe penti ina inali itafufutika, n'kukawomba chotchinga chapamsewu. Woyendetsa adamwalira, ndipo bungwe lofufuza ngozi la NTSB lidapeza kuti masewero anali otsegula pafoni yake ndipo sadachitepo kanthu kuti apewe. Mu 2022 a IIHS adafunsa ogwiritsa ntchito makina otere, ndipo 53 pa 100 a Super Cruise ya General Motors ndi 42 pa 100 a Autopilot adati amamasuka kuitenga galimoto yawo ngati yodziyendetsa yokha, pomwe siili choncho. Mu Disembala 2023 Tesla idakakamizika kukonza mapulogalamu a galimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America chifukwa njira zake zoonetsetsa kuti dalaivala ali tcheru zidapezeka zosakwanira. Ndiye pali madalaivala amitundu iwiri: wotopa amene amazimitsa, ndi wokhutira amene amagona. Onse awiri akusonyeza vuto limodzi, lakuti makina sadamuuze munthu zoona za malire ake. Makina abwino ndi omwe amasiya ntchito yoyendetsa m'manja mwa dalaivala, amamulola kusendera dala popanda kulimbana naye, ndipo amalowerera mwamphamvu pokhapokha zikaoneka kuti palibe amene akuwongolera.

Mbali yomwe imaiwalika pa mkangano wa munthu ndi makina ndi msewu weniweniwo. Kamera imawerenga penti, ndipo pomwe penti palibe, kachizindikiro ka pa dashibodi kamangozilala, makina n'kusiya ntchito mwakachetechete. N'chifukwa chake mabungwe a chitetezo cha pamsewu ku Ulaya akhala akulimbikitsa kuti mizere ikhale yotambalala masentimita 15 ndiponso yonyezimira bwino usiku, ndipo malamulo a European Union a 2019 okhudza kasamalidwe ka misewu amafuna kuti mizere ndi zikwangwani ziziwerengeka kwa anthu ndi kwa makina omwe. Ubwino wake ngwakuti mzere woonekera bwino kwa kamera umaonekanso bwino kwa dalaivala wokalamba amene akuyenda usiku kukugwa mvula. Palinso njira yakale yomwe imagwira ntchito yofanana popanda kompyuta: tizitunda ting'onoting'ono todulidwa motsatana pakati kapena m'mphepete mwa msewu, tomwe timalizitsa matayala ndi kugwedeza galimoto ikatiponda. Nthambi ya boma la America yoona za misewu ikuluikulu imati tizitunda ta pakati pa msewu timachepetsa ngozi zakupha ndi zovulaza za kuwombana mutu ndi mutu ndi 44 mpaka 64 pa 100 m'misewu yakumudzi ya mbali ziwiri. Palibe dalaivala amene angatizimitse, ndipo timadzutsa woyendetsa galimoto ya chaka chino chimodzimodzi ndi wa lole ya zaka makumi awiri.

Nkhaniyi ikutifika kuno kwathu kudzera pa doko. Galimoto zambiri za ku Malawi ndi ku Zambia ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zolowera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, ndipo ku Japan ndi komwe makinawa adafalikira msanga m'galimoto wamba. Kuyambira 2015 Toyota idayamba kuika zipangizo zake za Safety Sense mu Corolla Axio, Fielder, Vitz, Aqua ndi Sienta, ndipo Honda, Mazda, Nissan ndi Subaru ali ndi zawo. Galimoto za zaka zimenezo ndi zomwe zikutsika m'malole onyamula galimoto lero. Wogula amangomva kulira akapitirira makilomita 50 pa ola, uthenga wa pa dashibodi uli m'Chijapani, ndipo ambiri amathamangira kwa makaniko kuti achotse phokosolo poganiza kuti china chawonongeka. Madandaulo a madalaivala a ku Ulaya amakula kawiri pamsewu ngati M1, pomwe m'mphepete muli akabaza, oyenda pansi, ngolo ndi mbuzi, pomwe kuzemba maenje ndi gawo la kuyendetsa, ndipo mzere wachikasu wa m'mbali umatha kusowa mtunda wautali phula litadyeka. Pali kanthu kenanso kaukatswiri: galasi lakutsogolo likasweka n'kuikapo lina, kamera imafunika kuikonzanso kuti iziloza molondola, apo ayi imayeza mzere molakwika. Bungwe la World Health Organization limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo chigawo cha Africa, chomwe chili ndi galimoto 3 zokha pa 100 za padziko lonse, chimasenza pafupifupi imfa imodzi mwa zisanu zilizonse. Ambiri mwa omwalirawo sanali m'galimoto n'komwe. Kwa ife, ndalama ya penti yabwino, tizitunda ta m'mbali ndi kanjira kapadera ka njinga m'misewu yomwe ikumangidwanso idzateteza anthu ochuluka kuposa kamera iliyonse, ndipo idzapatsanso makamera omwe afika kale chinthu choti awerenge.

Tsono tiwamve bwanji madalaivala? Osati ngati oweruza omaliza, pakuti munthu sadziona akamasinza, ndipo umboni wa ngozi zopewedwa ndi wolemera kuposa kukwiya kwa m'mawa umodzi. Koma tiwamve ngati mboni zomwe zimayenda m'misewu yomwe bwalo la mayeso silifikako. Wopanga galimoto aziyezedwa ndi funso losavuta: mwa anthu 100 omwe adagula galimoto yake, ndi angati amene pakatha chaka amasiya makinawo ali oyatsa mwa kufuna kwawo? Opanga malamulo akakakamiza chipangizo, akakamizenso ubwino wake, ndi malire a machenjezo abodza, ndi mayeso a msewu wopapatiza wokhala ndi wanjinga m'mbali. Dalaivala naye ali ndi gawo lake. Adziwe mtundu wa makina omwe ali m'galimoto yake, ngati ndi ongochenjeza kapena okhotetsa chiwongolero. Galimoto zambiri zimalola kuchepetsa kutekeseka kwa makinawo kapena kusankha kunjenjemera m'malo mwa kabelu, ndipo kutero n'kwanzeru kuposa kuzimitsiratu. M'tauni ndi m'misewu yokumbika angathe kuwapumitsa, koma paulendo wautali wausiku pamsewu wa mizere yooneka, pomwe tulo timabwera mosagogoda, ndi pomwe ayenera kukhala oyatsa. Ndipo chiwongolero chikanjenjemera kawiri katatu popanda dzenje kapena njinga yozemba, vuto si kamera ayi. Dalaivalayo watopa, ndipo aime apume.